Mchira wa Mwana wa Lia

Kumudzi, pamwamba pa Meo Vac
7 Malichi 2011

Mwana wanga Kia,

Ndine bambo ako, Thao Nhia Lu. Cholembera chili m'manja mwa mlamu wako Dua, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asakometse kalikonse. Uli bwanji ku Hanoiko? Ife kuno tilipo. Mlongo wako Sinh akusenza dothi kukathira m'maenje a miyala kuti mvula ikangodontha tibzale chimanga. Ng'ombe yachira chifuwa chija.

Usandifunsenso za foni. Imagwira pokhapokha munthu akakwera pachitunda cha kuseri kwa nyumba ya Vu, ndipo ine sindingaime pamenepo kumakuwa nkhani za m'nyumba mwanga, mkazi wa Vu akupeta chimanga makutu ali tcheru.

Galu wathu Lia waswa ana anayi. Ndiwo oyamba kubadwa chitisiyireni amayi ako. Ukudziwa kuti ine ana agalu sindiwayang'ana mpaka atatsegula maso, ndi mmene anandiphunzitsira bambo anga, choncho amene wakhala akuwasamala ndi Dua. Dzana atsegula maso, ndawaona. Atatu ndi ofiira, onenepa, ngati make. Wachinayi nayenso ndi wofiira.

Tsopano tamva chimene ndakulemberera. Kuchipatala cha ziweto kumene ukugwira ntchitoko, undipezere mankhwala ochititsa dzanzi, mankhwala opoletsa bala, ndi kampeni kakang'ono kaja amagwiritsa ntchito madokotala. Upatse woyendetsa basi, asiye pasitolo ya kumsika. Usafunse zambiri. Zikomo chifukwa cha jekete unanditumizira, ndi lofunda, ngakhale manja ake anasokera munthu wamtali kuposa ine.

Bambo ako.

Alamu, ndalemba monga anenera. Zina andiletsa. Dua.

*

Hanoi
15 Malichi 2011

Ababa,

Moni kwa inu, kwa achimwene ndi kwa alamu. Ine ndili bwino, koma kalata yanu yandisokoneza mutu. Ndaiwerenga katatu pa basi mpaka kupitirira potsikira.

Ndi chotupa cha pabondo chija, eti? Ndinakuonani pa chaka chatsopano mukutsimphina, mukabisala kuseri kwa khola kukachitsina. Ababa, musayerekeze kudzing'amba nokha! Mankhwala athu kuno ndi a agalu ndi amphaka, si a anthu. Achimwene akunyamuleni panjinga yamoto mupite kuchipatala cha kuboma. Mukakana, ndipempha tchuthi ndibwere ndidzakukokereni komweko ndekha, anthu onse akuona.

Alamu, mawu anu aja akuti zina akuletsani ndiwo andiopsa kwambiri. Ngati akutentha thupi, kwerani pachitunda mundiimbire. Mkazi wa a Vu amve, palibe kanthu.

Ndakondwa za Lia. Mumupatse msuzi wa mafupa, akuyamwitsa.

Mwana wanu,
Kia

*

Kumudzi
25 Malichi 2011

Kia,

Moni. Bondo langa lilibe mlandu ndi munthu. Dzulo ndakwera nalo kumunda wa pamwamba nditasenza dengu la manyowa, Sinh ndinamusiya m'mbuyo akupuma ngati ng'ombe yokalamba. Komabe ndamva kuti umandiganizira, ndipo sindikudandaula.

Popeza wandikakamiza, ndinena. Mwana wachinayi wa Lia ali ndi mchira. Osati kachitsa ngati anzake ayi, mchira weniweni, wautali, wopindikira m'mwamba ngati chikwakwa. Nditamuona ndinakhala pansi.

Zaka makumi anayi ndakhala ndikuweta agalu a bambo anga, ndipo phiri lonseli likudziwa kuti kwa Lu galu amabadwa wopanda mchira. Mwini mlandu ndikumudziwa. Ndi chigalu chachikasu cha anthu okonza msewu, chinkazungulira kuno mwezi wozizira uja. Ndikanachiponya mwala pamene chinali pafupi.

Vuto ndi ili. Lamlungu limene Dua anandiuza kuti abadwa anayi, ndinapita kumsika. Ndinamwa mbale ziwiri za kachasu wa chimanga, mwina zitatu. Vu anali pomwepo. Akuti, “A Lu, anayi onse opanda mchira? Mwawaona ndi maso kapena mwalota?” Ine ndinati, “Iwe Vu, agalu anga safuna kuonedwa, amadziwika. Lamlungu lomaliza la Epulo ndibwera nawo onse anayi m'dengu, udzawagwire kumbuyo mmodzimmodzi ndi zala zako zonunkha fodyazo.” Anthu anaseka, ena anaomba m'manja. Tsopano ndikapita ndi atatu, Vu adziwa kuwerenga mpaka zinayi.

Usandiike gulu limodzi ndi ana a Vu. Iwo amatola tiagalu ta kuchigwa, n'kutimanga michira ndi mphira wa tayala la njinga mpaka iwole, kenako n'kumagulitsa kwa anthu a m'tauni kuti ndi agalu a kumapiri. Chaka chatha kamodzi kanagwa mphutsi, kanalira masiku anayi, kanafa. Umenewo ndi umbava ndi nkhanza. Ine sindikufuna kuti kagalu kanga kamve kuwawa, n'chifukwa chake ndapempha mankhwala. Ndikungokonza chimene chigalu chachikasu chinalakwitsa.

Ndipo mchira ndi wa chiyani kuno? Umakodwa m'minga, umatola nthata, nguluwe ikamuthamangitsa imagwira pomwepo. Galu wa kumapiri amayenda wopepuka. Ndikumuthandiza.

Panopa ndamubisa m'mwamba mosungira chimanga, Lia amakwera kukamuyamwitsa. Tumiza zinthuzo msanga.

Bambo ako.

*

Hanoi
3 Epulo 2011

Ababa,

Moni nonse. Mtima wanga wakhala pansi pomva kuti bondo lili bwino. Koma zimene mwapemphazo sinditumiza, ndipo ndikupempha mundimvere mpaka kumapeto musanawalande alamu pepalali.

Kagaluko katha mwezi ndi theka. Mchira wake tsopano ndi fupa lolimba, muli mitsempha, mukuyenda magazi. Kuudula n'chimodzimodzi kudula chala chanu. Mankhwala a dzanzi amatha msanga, ndipo ululu umabwera pambuyo pake. Ndafunsa adokotala athu. Iwo amadula mchira pokhapokha ngati wathyoka kapena ukuwola. Sabata yathayi kunabwera mayi wina wovala magalasi akuda, atanyamula kagalu kakunja, akuti akafupikitse mchira kuti kafanane ndi ka pachithunzi. Adokotala anamubweza. Anapita kwina, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko anamudulira, chifukwa si onse amene amaganiza mofanana. Ena amati galu wosaka m'minga amavulala mchira, ndiye ndi bwino kudula akadali wa masiku awiri. Koma Ababa, inu munasiya kusaka ine ndisanabadwe. Agalu anu amalondera chimanga ndi kugona pakhomo. Nguluwe yomaliza munaiona liti?

Galu amalankhula ndi mchira. Akakondwa, akaopa, akafuna ndewu, anzake amaonera pamenepo. Mukufuna kumulanda pakamwa chifukwa cha mbale zitatu za kachasu.

Chinanso, adokotala akuti agalu awiri opanda mchira akhoza kubereka wamchira. Zimachitika. Mwina chigalu chachikasu chija chilibe mlandu.

Pitani ndi atatu, kapena musapite. A Vu aseka sabata imodzi n'kuiwala.

Mwana wanu,
Kia

*

Kumudzi
12 Epulo 2011

Kia,

Moni, poti mwambo umafuna moni. Ndinagulitsa hatchi kuti upite kusukulu, ndipo lero wabwera nazo nzeru zakozo kudzandiuza kuti agalu a bambo anga amabereka michira okha. Dokotala wakoyo anakwerapo phiri lino? Ine sindinakhalepo pabenchi ya sukulu, koma galu ndimamudziwa nditatseka maso. Zaka makumi anayi, palibe mchira ngakhale umodzi. Kauze dokotala wako zimenezo, alembe m'buku.

Vu saiwala. Mpaka lero amakumbutsa anthu za nkhumba imene inandigwetsa m'matope ndisanakwatire amayi ako.

Sunga mankhwala akowo. Ndili ndi mpeni wanga, ndili ndi moto, ndili ndi phulusa. Loweruka loti mawa lake ndi msika wa lonjezo langa uja ndidzadula, ndidzaotcha pabalapo, ubweya udzaphimba.

Bambo ako.

Alamu, mpeni anola kale, aupachika pamtanda wa denga. Koma kagaluko anakatsitsa m'mwamba muja chifukwa kankalira, ndipo tsopano kamawatsata paliponse. Akakhala pansi kuti asute, kamagona paphazi pawo. Amakakalipira kuti “choka iwe mlendo,” koma phazi sasuntha. Ine ndine mpongozi, sindingawagwire dzanja. Achimwene anu akuti nkhani za agalu salowerera. Ngati pali china choti munene, nenani msanga. Dua.

*

Hanoi
18 Epulo 2011

Ababa,

Moni. Kalata iyi ndapatsa woyendetsa basi m'manja kuti ifike Loweruka lisanakwane. Alamu, muwawerengere muli awiri, ndipo muyambe mwawakhazika pansi.

Amayi anandilumbiritsa kuti ndisadzanene. Ndasunga zaka zonsezi, lero ndikuswa lumbirolo, ndipo andikhululukire kumene aliko.

Michira yakhala ikubadwa m'nyumba mwanu, Ababa. Osati chaka chilichonse, koma kawirikawiri. Amayi ankati chaka choyamba atalowa banja kunabadwa kagalu kamchira, inu munakatenga n'kukaponya m'phanga la kumunda, ndipo make munamugulitsa kwa ogula nyama ya galu chifukwa munati wasakaniza mtundu. Iwo analira, inu simunaone. Kuyambira pamenepo, galu akaswa, iwo ankayamba kuwayang'ana kumbuyo. Akapeza wamchira ankatenga ulusi wawo woombera nsalu n'kumanga zolimba patsinde. Pofika tsiku lotsegula maso mchira unkakhala utauma n'kugwa, ndipo inu munkabwera kudzaona agalu anu osasakanizika.

Ndinayamba kuwagwirira tiagaluto ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anthu amati wa masiku awiri samva kuwawa. Ine ndinkawagwira m'manja mwangamu, ndinkamva mmene ankanjenjemerera. Awiri anafa ndi bala, tinakuuzani kuti make anawagonera. Amayi sankachita mokondwa. Akamanga ankatukwana pansipansi, ndipo si agalu amene ankawatukwana.

Lia nayenso anabadwa ndi mchira. Ndinamugwira ndine, chaka chimene ndinachoka kumudzi. Galu amene mumati sanabadwepo wina wonga iye paphiri lonse, anali ndi mchira wautali kuposa anzake onse amene ndinawaona.

Sindikunena izi kuti ndikuchititseni manyazi. Amayi ankadula kuti agalu akhale ndi moyo. Inu mukufuna kudula chifukwa cha a Vu. Chonde, Ababa.

Mwana wanu,
Kia

*

Hanoi
28 Epulo 2011

Alamu Dua,

Moni. Ndamva pawailesi kuti phiri lagumuka pamsewu wa kwathu ndipo mabasi anaima. Kodi kalata yanga inafika? Ndayesa foni ya achimwene, siikulowa. Adula? Akwiya nane? Ndilembereni ngakhale mizere iwiri, ndikulephera kudya.

Kia

*

Kumudzi
3 Meyi 2011

Mwana wanga Kia,

Moni. Tonse tili moyo, phiri linagumukira msewu wokha, ndi mlongoti wa foni womwe. Idya, usadzizunze ndi njala. Kalata yako yaikulu ija inafika Lachiwiri, msika utapita kale. Ndikuuza zonse mwa dongosolo lake, ndipo Dua asadumphe ngakhale pamene pakundichititsa manyazi.

Loweruka masana ndinakoleza moto panja, ndinaika mpeni, ndinatenga kagalu n'kukaika pamiyendo. Pamenepo ndiye ndinazindikira kuti sindidziwa podula. Zaka zonsezi sindinadulepo mchira. Ndisiye chala chimodzi? Theka? Ndinati ndiyeze pa make. Ndinaitana Lia, anabwera, ndinalowetsa zala muubweya wa pachitsa chake.

Kia, ine galu ndimamugwira pakamwa, pachifuwa, m'mapazi. Kumbuyo sindinkagwirako, ndinkangoona ndi maso n'kukhutira. Tsiku limenelo zala zanga zinapeza pouma, posalala, popanda ubweya, ngati chipsera cha pachala changa chimene ndinadzitema ndi chikwakwa. Ndinagwira ana atatu aja. Kwawo n'kofewa, ubweya mpaka kunsonga, kafupa kothera kokha. Ndinabwereranso kwa Lia. Chipsera.

Ndinakhala pamenepo mpaka moto unazima wokha. Dua anandibweretsera chakudya, sindinachikhudze. Zilembo sindidziwa, koma chimene chinalembedwa pachitsa chija ndinachiwerenga. Chimene sindinadziwe ndi dzanja limene linalemba.

M'mawa ndinaika onse anayi m'dengu, ndinabereka, tinatsika. Sinh anati, “Ababa, wamchirayo mumusiye.” Ndinati ndinalonjeza anayi.

Vu anali akudikira pafupi ndi mphika wa nyama ya hatchi, ndi gulu lake lonse. Ndisanatule n'komwe dengu, mchira unatulukira pamwamba, ukugwedera. Vu anaseka mpaka kutsamwa. Akuti, “A Lu, mwabwera ndi tsache lomwe? Msika tasesa kale!” Wina akuti, “Mwina ndi mwana wa nyani, amulera chifundo.” Vu akuti, “Bambo wake ndani, tikamulipiritse?”

Ine ndinati, “Mchira ndi wa kwa make. Gwira Lia kumbuyo ngati zala zako zikadali zamoyo. Wina anamudula ali wakhanda, ndipo amene anachita zimenezo ndikamudziwa tidzaonana.”

Apo ndi pamene mkazi wa Vu anatula mtolo wa masamba. Anandiyang'ana ngati mwana amene wavala malaya motembenuza. Akuti, “Mudzaonana naye kumanda, a Lu. Ulusi ukamuthera ankabwereka kwa ine.” Amayi ogulitsa nkhuku anayamba kuseka, ogulitsa nsalu nawonso, mzere wonse. Kia, amayi onse a phiri lino ankadziwa! Zaka makumi anayi ndikudziguguda pachifuwa pamsika, iwo akungopeta chimanga. Vu anati asekenso, mkazi wake n'kumutembenukira, “Inu khalani chete. Galu wanu wakuda uja munkamutamandira kwa alendo, mumayesa mchira wake unadyedwa ndi makoswe?” Vu anatembenukira ku mbale yake. Pamapeto anandithirira mbale, tinamwa osayang'anana.

Kalata yako itafika, Dua anandikhazika pansi monga unanenera. Za amayi ako ndinali nditamva kale. Za phanga lija ndikukumbuka. Kanali kotuwa, ndipo sikanafe msanga. Ndinkayesa kuti ndine ndekha amene ndinakamva.

Chimene sindinkadziwa ndi cha iwe. Zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinkakuona ukutsika m'mwamba mosungira chimanga maso ali ofiira, n'kumati ndi utsi.

Usaganize kuti dokotala wako wandigonjetsa pa zonse. Nguluwe zilipo, iye sanazione chabe, ndipo galu wobadwa wopanda mchira ndi wokongola kuposa wina aliyense, zimenezo ndidzafa nazo. Koma ndasonkhanitsa Sinh ndi Dua, ndawauza kuti m'nyumba muno mchira umene wabadwa ukhale, pasapezeke ulusi, mphira kapena mpeni. Ndipo Lia akadzaswanso ndidzawaona tsiku lomwelo. Bambo anga anandiphunzitsa zambiri zabwino, icho chokha anaphonya.

Atatu aja atengedwa ndi anthu. Wamchirayu panabwera munthu wa m'tauni, anamuyang'ana n'kunena kuti si weniweni. Ndinamuuza kuti sanali wogulitsa n'komwe. Ndi wako. Akhala kuno, koma ndi wako, ndipo dzina udzamupatsa ndiwe.

Dua, apa ulembe pang'onopang'ono, zilembo zazikulu. Mwana wanga, unandimana mankhwala, unachita bwino. Unaswa lumbiro, unachita bwino. Kwa amayi ako ndapita kale, ndawauza zanga, zimenezo ndi za ine ndi iwo. Kwa iwe ndilibe mawu okwanira. Ndathokoza.

Ubwere tikamakolola. Usachedwe, chifukwa galu wakoyu akakondwa amasesa chilichonse chili patebulo laling'ono lija. Mbale zomwera zatsala ziwiri, ndipo imodzi ndakubisira.

Bambo ako,
Thao Nhia Lu